Mapazi a Amayi

Atate anga anamwalira ine ndili pa sukulu kwathu kum'mawa, ndipo maliro awo sindinawaone. Ankagwira ntchito pa famu ya fodya ya mzungu wina pafupi ndi mtsinje wa Chongwe. Amayi anawatsatira kumeneko, ine n'kundisiya kwa amalume kuti ndisaleke sukulu. Patapita zaka zitatu amayi anabwerera okha, kamtolo ka zovala kali pamutu. Za manda sankanenapo, inenso ndinkaopa kufunsa.

Chapakati pa zaka za m'ma 1950 ndinasankhidwa kukaphunzira zauphunzitsi ku Chalimbana. M'mawa wa tsiku lonyamuka, tikudikira lole m'mbali mwa msewu, amayi anandikoka malaya.

"Kumene ukupitako n'kufupi ndi atate ako," anatero. "Ukawaone. Ukawaikireko kamtanda, anthu asamawaponde."

"Ndikawapeza bwanji, amayi?"

"Kuseri kwa zigafa za fodya kuli chulu chachikulu chomera bwemba. Ukayambire pa bwembapo. Ukayang'ane kolowera dzuwa, ukayende mapazi makumi anayi. Ukatero ukakhotere kumanja, mapazi khumi ndi asanu. Agona pamenepo."

Ndinatulutsa pensulo n'kulemba kuchikuto cha kope langa: 40, 15. Ndinalemba mosachedwa, monyadira, kuti amayi aone kuti sukulu ya mwana wawo siinapite pachabe.

Ku Chalimbana ndinalibe mnzanga, ndipo mlandu wake unali wanga ndithu. Anyamata akumpoto ankanditcha wodya mbewa, monga mmene ankatchulira aliyense wakum'mawa. Ena akwathu ankawabwezera n'kuseka nawo limodzi, koma ine mtima wanga unali wapachala. Sabata yachiwiri yomwe ndinamuthira wina madzi otsukira mbale kumaso, ndipo kuyambira pamenepo anthu ankandilambalala. Loweruka iwo akamakankha mpira, ine ndinkakhala m'kalasi ndekha, kunamizira kuwerenga, khutu lili kubwalo. Ndinkasungulumwa kwambiri, koma ndikanalola kufa kusiyana n'kuvomera.

Tsiku lina mphunzitsi wathu wa masamu, bambo wowonda amene thalauza lake linkayera ndi choko nthawi zonse, anatigawira mapepala a timabokosi. Pabolodi analemba mizere iwiri yodutsana, wina wogona, wina woimirira. Wogonawo anautcha ekisi, woimirirawo wayi, ndipo pamene ikumana anati ndi pa ziro. Kenako anati malo aliwonse papepalapo, ngakhale kadontho kochepa bwanji, ali ndi dzina lake la manambala awiri. Nambala yoyamba ikuuza timabokosi toyenda chopingasa kuchokera pa ziro, yachiwiri ikuuza toyenda chokwera. Ukawerenga bwino, sungasochere.

Anzanga ankayasamula, koma ine ndinatchera khutu. Ndinatembenuza kope n'kuyang'ana kuchikuto kuja. Amayi anga, amene sanapondepo m'kalasi, anali atandiphunzitsa kale phunziro limeneli m'mbali mwa msewu. Bwemba ndiye anali ziro. Ndinawerenga timabokosi makumi anayi chopingasa, khumi ndi tisanu chokwera, n'kuikapo kadontho ka pensulo. Ndinakayang'anitsitsa mpaka belu linalira.

Masabata otsatira tinaphunzira za mizere yowongoka. Timadontho tiwiri tikakhala papepala, mzere wowongoka wodutsa pa tonse tiwiri ndi umodzi wokha. Tinaikanso timadontho ta manambala okulira limodzi, 8 ndi 3, 16 ndi 6, 24 ndi 9, ndipo rula ikagona kuchokera pa ziro inkatigwira tonse popanda kotsala. Pa mayeso ndinakhoza zonse. Palibe amene anandiyamikira kupatula mphunzitsiyo, koma ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata yathunthu.

Tsono pali chinthu china chimene sukulu inandilowetsa m'mutu ndi chikoti ndili wamng'ono: phazi limodzi, ndiye kuti futi, lili ndi mainchi khumi ndi awiri. Ukayankha zina, unkatambasula dzanja. Choncho pokonzekera ulendo wa ku famu sindinaganize kawiri. Ndinabwereka tepi yoyezera kwa mphunzitsi wa ukalipentala, ndinakhoma timatabwa tiwiri kukhala mtanda, ndipo Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinauyamba ulendo wa maola awiri wapansi.

Kapitawo wa pa famupo anandilola kudutsa, atandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Chulu ndinachipeza mosavuta, bwemba ali pamwamba pake. Ndinakhoma chikhomo patsinde, ndinakoka tepi kulowera kumadzulo mpaka mapazi makumi anayi, ndinakhota bwinobwino ngati ngodya ya buku, n'kuyezanso khumi ndi asanu. Pamalopo panali posalala, udzu wokhawokha, popanda mtumbira. Ndinati mvula ya zaka zonsezi inausalaza. Ndinazika mtanda wanga, ndinagwada, n'kunena kuti, "Atate, ndabwera." Madzulo ake ndinalembera amayi kalata yoti akawawerengere amalume: ndawapeza.

Kwa chaka chathunthu ndi miyezi ingapo ndinkapita kumeneko Lamulungu lomaliza la mwezi uliwonse. Ndinkapalira udzu, n'kukhala pansi, n'kuwauza atate zonse zimene ndinalibe womuuza: amene anandibera sopo, amene anandiseka pophunzitsa ana koyamba, nsapato zimene zinkandiluma. Ndinkayankhula mokweza ndithu. Pa dziko lonse la Chongwe, malo okhawo amene ndinkamva kuti ndili ndi wanga anali amenewo.

Chaka chachiwiri, dzuwa la Okutobala likuwotcha, ndinapeza thengo lija litasintha. Mitengo inali itagwetsedwa, udzu utatenthedwa, zitsa zikufuka utsi. Pamthunzi wa bwemba panakhala bambo wina wachikulire, woyendetsa ng'ombe za pulawo pa famupo, akusema chikeyi cha goli. Anandisiya ndigwade, ndipemphere, ndidzuke, kenako anandiitana.

"Ba ticha, nakhala nikuonani miyezi yambiri. Mumapempherera ndani apo?"

"Atate anga, amdala."

Anayamba kuseka, koma anadzigwira pakamwa msanga. "Pepani, mwana wanga. Apo palibe munthu. Apo tenze kumangapo bulu wa akapitawo."

Ndinatulutsa kope n'kulikankhira pamphuno pawo. Ndinawauza za bwemba, za makumi anayi, za khumi ndi asanu, za tepi. Ndinawauza kuti manambala sanama, ndipo ndinanena ndi mawu amene munthu sayankhulira wamkulu. Iwo anangopitiriza kusema. Nditatha mpweya anafunsa modekha.

"Nanga amai anu benze na tepi?"

Ndinatsitsa kope, iwo n'kupitiriza.

"Ise kuno mapazi tipima na miyendo, ba ticha. Uponda, uponda, uwerenga."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Chaka chonse ndinkadandaulira malo ogona bulu. Ndinafunsa ngati iwo akudziwa pamene atate anagona. Anati ayi, anabwera pa famupo maliro atachitika kale. Ankangodziwa kuti chapatsogolo apo panaikidwa munthu wakum'mawa.

"Koma muchite changu," anatero. "Mvula ikagwa chabe, pulawo ipita apa ponse. Mukationetsa manda, tizapatuka, akapitawo sangakane. Manje sitingapatukire thengo lonse."

Ndinabwerera pa bwemba n'kuyenda ndi miyendo yangayi, makumi anayi kumadzulo, khumi ndi asanu kumanja. Ndine wamtali, ndipo ndinali nditakwiya, choncho ndinakafika kutali, pa mwala wafulati umene khasu silingalowe. Pamenepo sakanaikapo munthu. Ndinakhala pa mwalapo mpaka matako anapsa. Phazi la tepi linali lalifupi, langa linali lalitali, ndipo la amayi sindinkalidziwa. Ndikanalidziwa bwanji? Ndinakulira kwa amalume. Sindinkakumbuka tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinayenda pambuyo pa amayi anga nthawi yokwanira kuti ndione mmene amapondera. Kalata ikanatenga masabata kupita ndi kubwera, komanso phazi la munthu sungaliike mu envulopu. Kum'mwera mitambo inali itayamba kuunjikana.

Lachitatu masana ndinakhala m'kalasi ndekha ndi pepala la timabokosi, osati kuti ndinali ndi nzeru ina, koma ndinalibe china chochita. Ndinaika kadontho ka mtanda wanga wabodza. Ndinaikanso ka mwala uja, chifukwa ndinali nditauyeza ndi tepi ndisanachoke. Mwa chizolowezi chabe ndinagoneka rula kuchokera pa ziro, ndipo rula inagwira timadontho tonse tiwiri.

Ndinaimirira mpaka benchi inagwa. Manambala a amayi, 40 ndi 15, ndi ana a 8 ndi 3 aja, manambala okulira limodzi. Phazi lingakhale la tepi, langa, kaya la khanda, malo ake adzagwera pa mzere womwewo. Mtanda wanga unali pa malo olakwa koma pa mzere wolondola. Atate anali penapake pakati pa mtandawo ndi mwala.

Lamulungu sindinadikire n'komwe kuti nyimbo yomaliza ithe. Ndinatenga chingwe chimene tinkawongolera mizere ku dimba la sukulu, n'kuthamanga mbali yaikulu ya njira. Bambo wa ng'ombe uja analipo. Ndinayamba ndi kuwapepesa, ndipo anangogwedeza dzanja n'kundithandiza kumanga chingwe pa bwemba. Ndinachidutsitsa pamwamba pa mtanda n'kuchikokera ku mwala mpaka chinauma gwa. Kenako ndinagwada n'kuyamba kukwawa motsata chingwecho, ndikupapasa phulusa ndi manja.

Sindinapite patali. Nditangodutsa mtanda pang'ono, dzanja langa linatsikira m'malo olowa pansi, otalika ngati munthu wogona. Ndinakanda dothi ndi zala, ndipo chala chinakhudza mkombero wa chitsulo. Inali kapu yoyera ya mkombero wobiriwira, yosupuka utoto pafupi ndi chogwirira. Ndinaidziwa. Atate ankamweramo tiyi ndili mwana, ndipo ine ndi amene ndinaigwetsa pa mwala. Pansi pake panali pobooledwa ndi msomali, monga amachitira kwathu poika chiwiya pamanda kuti wina asachitole.

Bambo uja anavula chipewa. Anapita kukadula zikhomo zinayi zikuluzikulu n'kuzikhoma mozungulira, motalikirana, kuti ng'ombe zizikhota zisanafike. Ine ndinazula mtanda pa malo a bulu n'kuuzika pamalo ake. Atatha anandigwira paphewa.

"Mwawapeza, ba ticha. Lembelani amai."

Anakusa ng'ombe zake n'kumapita, ine n'kutsala ndekha.

Tepi inali m'thumba, ndipo wophunzira saleka khalidwe lake. Ndinafuna kudziwa kuti phazi la amayi linali lalitali bwanji. Ndinayeza, ndinagawa, ndinabwerezanso poganiza kuti ndalakwitsa. Linali phazi limodzi ndi theka la pa tepi. Limenelo ndi phazi la kamwana. Koma amayi anga sanali aafupi, ndipo kumudzi ankadziwika kuti akasenza mtsuko atsikana ankawathamangira.

Ndinaima pamutu pa manda n'kuyesa kuponda motero. Munthu wamkulu sangayende choncho pokhapokha miyendo ikukana. Apo m'pamene ndinawaona amayi tsiku lawo lomaliza pa famupo, kamtolo kali pamutu, popanda mbale wowagwira mkono, pakati pa anthu a zilankhulo zina. Sankadziwa kulemba, ndipo panalibe woti awalembere. Anasunga mwamuna wawo m'miyendo mwawo, akuwerenga phazi lililonse lowachotsa pa iye, kuti tsiku lina adzapatse mwana amene kunalibe. Ine ndinkayesa kuti wosungulumwa pa thengo limenelo ndinayamba ndine.

Ndinayenda khumi ndi asanu, ndinakhota, ndinayamba makumi anayi aja pang'onopang'ono, ndikuwerenga mokweza. Pofika makumi atatu mawu anali atatha, ndinkangowerenga ndi milomo. Pa makumi anayi dzanja langa linagwira khungwa la bwemba. Misozi imene ndinabwera nayo inali ya atate, koma ndinalirira amayi.