Kukapereka Hedi kwa Lungu ku Matero

Ndinanyamuka ku Chawama m'ma 6 koloko m'mawa, silinda hedi, chitsulo cha pamwamba pa injini ya takisi yanga, ili m'thumba la ufa. Injini inali itawira, gasiketi n'kupsa, hedi n'kupindika. Zaka zimenezo kwacha inkagwa tsiku ndi tsiku. Hedi yatsopano sindikanaikwanitsa, chonsecho takisiyo ndiyo inkatidyetsa.

Mkazi wanga anali atanena kalekale kuti ndipite nayo kwa a Lungu. Lunguyu tinaphunzira naye umakaniko pagalaja imodzi, ine ndikumuposa. Tsopano iye anali ndi makina osalazira mahedi ku Matero, ine ndikadali pansi pa mtengo wa mango. Dzina lakelo linkandiwawa, makamaka likatuluka pakamwa pa mkazi wanga. Ndiye ndinazula galasi la pawindo lathu, n'kumatapo sandipepa, n'kukhulapo hediyo masiku awiri. Nditaimanga, madzi analowabe mu oilo.

M'minibasi kondakitala anagunda thumba ndi phazi. "Ba mudala, ichi chisimbi chilipila monga muntu." Ndinalipira mipando iwiri, koma chitsulocho ndinachifukata pamiyendo mpaka m'tauni. Kumeneko ndinatafuna chinangwa chowotcha ndi mtedza podikira minibasi ya ku Matero, yomwe inadzaza mochedwa.

Ndinafika m'ma 10 koloko. Geti lopentedwa, Lungu atanenepa, ovolosi yake yopanda chigamba n'chimodzi chomwe. Kunena zoona, mtima unandipweteka. Anandilonjera mwansangala, zimene zinandinyansa koposa.

Anatseka mabowo a madzi n'kuthiramo palafini kuti aone ngati pali mng'alu. Panalibe podontha. Kenako anagoneka lula yachitsulo pahediyo n'kuyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kunkadutsa pansi pake.

"Siinang'ambike, mwayi wanu. Koma nindani anaikwecha so?"

"Makanika wina wake wa ku Chawama," ndinatero.

"Mukamuuze ati galasi ya pawindo niyopyapyala, imapindika pamodzi na hedi. Akanapitiliza, sembe mwataya." Anapukuta manja osandiyang'ana. "Paja ndimwe munaniphunzisa ivi, ba Phiri."

Makina ake anamaliza ntchito yanga ya masiku awiri ndisanamalize n'komwe tiyi amene anandipatsa.

Madzulo nditafika, mkazi wanga anafunsa, "Nanga ba Lungu?"

"Ayesako," ndinayankha.

Takisi inalira bwinobwino mawa lake. Nsanje ndinabwerera nayo, sindinama, koma ndinadziwa kuti imadya mwini wake. Pawindo paja panakhala katoni dzinja lonse, ndipo mvula ikamawombera m'nyumba, mkazi wanga ankangondiyang'ana.