Kupatsira Mkamwini Mpira

Ine mpira sindinausewerepo, koma ndauonera kuposa ambiri amene amaukanganira pa wailesi. Malo anga ali pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa golo, pa bwalo la sukulu kwathu kuno ku Senga Bay. Ndimakhala pamenepo ndi beseni la chinangwa chophika ndi usipa wokazinga, ndiye zonse zochitika kumbuyo kwa timu yathu zimachitikira pamphuno panga.

Kumbuyoko ndi kumene mwana wanga woyamba wakhala akutchinga kuyambira asanamere ndevu. Ndi msodzi, koma kunyanja ndi wantchito chabe, bwato ndi la eni. Pabwalo pokha ndi pamene anthu amaimirira chifukwa cha iye. Mpira ukamufika ankaumenya kamodzi, phuu, n'kukagwera kutsidya kwa anyamata othamanga. Ndi mmene anawaphunzitsira kochi wakale: choopsa chichotse pakhomo, zina uziganiza chili kutali. Anzake oyamba nawo anasiya, wina bondo, wina mimba, wina anapita ku Joni. Anatsala awiri, iye ndi goloboyi, ndipo anyamata ankangowatcha madala.

Kochi uja atamwalira, timu anaitenga mphunzitsi wina amene boma linamutumiza kuno kuchokera kumpoto. Munthu wofatsa, wosadziwa kukalipa. Iye ankafuna mpira woyenda pansi, kuchoka kwa goloboyi, kupita kwa otchinga kumbuyo, kenako kwa wapakati, phazi ndi phazi. Ankati mpira uli m'mwamba ndi wa aliyense, uli pansi ndi wathu. Goloboyi sanavutike, anangoyamba kuugubuduza ndi dzanja. Ntchito inali pa mwana wanga.

"Madala, mwaulanda bwino," anatero aphunzitsi tsiku lina pokonzekera. "Nanga mwautayiranji?"

"Sindinautaye, aphunzitsi. Ndauchotsa."

"Mwawabwezera eni ake. Onani mnyamata uyu, ali pafupi nanu, ali yekha. Mupatseni. Iwenso uziitana, pakamwa uli napo."

Chimene aphunzitsi sankadziwa n'chakuti mnyamata wapakatiyo anali mkamwini wa mwana wanga. Anachokera ku Maganga, n'kukwatira mdzukulu wanga chaka chomwecho, n'kumanga kanyumba kuseri kwa apongozi ake. Kwathu kuno munthu ndi mpongozi wake sayang'anana m'maso. Sadyera mbale imodzi, sasamba doko limodzi. Mkamwini akakumana nawo panjira amapatuka, n'kuomba m'manja nkhope ili kumbali. Nthawi ya kochi wakale izi sizinkavuta, chifukwa mpira unkadutsa pamwamba pa mutu wa mnyamatayo ngati mbalame. Akanatha kusewera timu imodzi mpaka kukalamba osaonana.

Tsopano aphunzitsi ankafuna kuti wapakati akhale maso a otchinga kumbuyo, aziwakuwira kuti tembenukani, munthu ali kumbuyo, ndipatseni. Mnyamata ankatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Mwana wanga ankayang'ana mchenga, kenako phuu, m'mwamba.

Goloboyi ndiye anatopa nazo. "Aphunzitsi, wallahi mukuwazunza anthuwa. Ndi munthu ndi mpongozi wake."

Aphunzitsi anaseka pang'ono, n'kusiya ataona kuti akuseka okha. Anamutengera mwana wanga pambali, kufupi ndi mtengo wanga, ndiye ndinamva zonse.

"Pepani madala, sindinadziwe. Kwathunso ulemu umenewo ulipo. Koma njira ya mpirawu ndi yomweyo, ina ndilibe. A ku Khombedza akubwera. Mukamenyabe m'mwamba ndiika wina."

Mawa lake mwana wanga anabwera kwanga, n'kukhala pakhonde osavula chipewa.

"Amayi, ndingosiya."

"Miyendo yatha?"

"Miyendo ilipo. Koma mwana amene wandikwatira mwana azindikuwira pagulu ngati akupirikitsa mbuzi?"

Mumtima ndinali mbali yake. Ine ndili ndi akamwini amene ana awo akwatira kale, koma mutandifunsa mmene maso awo alili ndingakunamizeni. Ndi mmene tinaleredwera, ndipo sindinaonepo kuti n'zoipa. Manyazi aja amasunga zambiri. Anthu osayang'anana satukwanana.

Nzeru inachokera kwa mdzukulu wanga, mwini mwamuna. Akuchapa majezi a timu anati, "Agogo, ngati pakamwa pakumulemera, bwanji aziomba m'manja? Si mmene amawalonjerera kale?"

Anayesa, ndipo zinatheka. Mnyamata akapeza mpata ankaomba m'manja mwa ulemu muja, manja atawapinda, ndipo mwana wanga ankamva kumene kwachokera n'kukankhira mpira komweko, maso ali pansi. Aphunzitsi anapukusa mutu koma anawaleka. Chinatsala ndi phazi. Phazi lozolowera kumenya silidziwa kupereka, mpira unkafika kwa mnyamata ngati mwala. Ndiye masana, anzake akugona pobwera kunyanja, mwana wanga ankapita paboti lina lakale lovundikira m'mbali mwa nyanja, n'kumakankhira mpira pamenepo ndi m'kati mwa phazi, pang'onopang'ono, ngati munthu wophunzira kuyenda atadwala. Amayi oyanika usipa pamathandala ankamuseka.

"Madala, botilo lakulakwirani chiyani?"

"Ndikulipepesa," ankatero. "Ndalimenya kokwanira."

Tsiku la a ku Khombedza bwalo linadzaza, akabaza atandandalika njinga mpaka kumsewu. Poyamba zinayenda bwino, mpaka ine ndinaona chimene aphunzitsi ankanena. Alendo ankathamanga ngati nkhuku zothamangira chimanga, mpira osaugwira. Koma mwa iwo munali kamunthu kena kafupi, kochenjera. Kanaonetsetsa, kanamvetsera. Mwana wanga atalanda mpira pafupi ndi golo lathu, kanazembera kumanzere kwake n'kuomba m'manja, mwa ulemu wonse. Iye osadzutsa mutu anakapatsa mpira, bwinobwino, ndi m'kati mwa phazi muja anaphunzirira. Kanangotembenuka n'kumwetsa.

Ochemerera a ku Khombedza anagwa nako kuseka. Wina anakuwa, "Zikomo apongozi! Mwana wina wamkazi alipo?"

Popuma aphunzitsi anamutulutsa mwana wanga. Sanamukalipire, anangomugwira paphewa. Chiyambire mpira mwana wanga anali asanaonerepo timu yake ali kunja. Anadzakhala pamuzu wa mango pafupi ndi ine. Ndinamupatsa chinangwa, anangochigwira mpaka wezulo yomaliza.

Masiku otsatira sanapite kokonzekera, ndipo ndinati basi zatha. Kenako m'mawa wina ndikusesa ndinamuona ataima pakhola langa.

"Amayi, tambala uyu mundipatse."

"Wa chiyani?"

"Ndikufuna ndidye ndi apongozi."

Mwambo umenewo ulipo. Makolo akafuna kumasula mkamwini amamuphera nkhuku, n'kumuitana adye nawo mbale imodzi, kuyambira pamenepo akhoza kucheza. Koma zimachitika banja litakhazikika, ana atabadwa, munthu mutamuona mtima wake m'chilimwe ndi m'dzinja. Awa chaka chinali chisanathe.

"Nkhuku yophera mpira sindinaimvepo," ndinatero. "Anthu adzati chiyani?"

"Anena kale, amayi. Munawamva."

Ndinaima ndi tsache m'manja, ndikuyang'ana munthu wa imvi akupempha tambala ngati mwana. Akanatha kusiya, anthu n'kumamukumbukira ndi mwendo wake uja. Anasankha kuchepa kuti atsale. Kaya n'kulimba mtima kaya ndi umbombo wa mpira, mpaka lero sindidziwa. Tambala ndinamupatsa.

Anadyera pakhonde, ife amayi tili kukhitchini, makutu ali konko. Mnyamata anafika atavala malaya a kutchalitchi. Anatenga khosi lokha. Mwana wanga ananyamula ntchafu n'kuiika mbali yake.

"Apongozi, pabwalo paja mukandiona ndagona, mundidzutse. Muzikuwa."

"Ndamva, bambo."

"Mwamva mukuyang'ana nyerere? Ndiyang'aneni."

Anadzutsa nkhope pang'ono, ngati munthu wosuzumira m'chitsime. Mdzukulu wanga analuma chitenje kuti asaseke.

Anzanga a msinkhu wanga anagawikana. Ena anati tagulitsa mwambo, ena anati mwambo tautsata, tangofulumira. Ine ndimati onse akunena zoona. Chilipo chimene chinachoka pakhomo paja tsiku limenelo, ndipo sichibwerera.

Mwana wanga anabwerera kokonzekera, koma aphunzitsi sanafulumire. Masewero otsatira anayambira panja, n'kulowa chigawo chachiwiri. Mpira woyamba kumufika, ndinamva mawu opyapyala, osweka pakati: "Bambo, kuno." Anadzutsa mutu, anamuona, anamupatsa. Mpira wina anaugwira nthawi yaitali, mdani n'kutsala pang'ono kumulanda.

"Mwachedwa, bambo," anatero mnyamata, momveka mpaka kumtengo kwanga. "Muzipereka msanga."

Mwana wanga anapukuta thukuta ndi jezi, n'kukweza dzanja.

"Pepani, apongozi."

Sabata yotsatira aphunzitsi anamuyambitsa, ndipo anasewera mpaka kumapeto.