Mng'alu Kuseri kwa Tebo

Yobu Kalimanjira anaphunzira kuwotcherera ku Balaka, m'kashedi ka malata pafupi ndi depoti. Ankapanga mafelemu a mawindo ndi zitseko zachitsulo, ndipo minibasi ikathyoka ekizozi ankailumikiza ndi paipi iliyonse imene yapezeka. Amene anamuphunzitsa anali ndi lamulo limodzi: chitsulo chisagwedere. Yobu anabwera nalo lamulolo ku Joni, kumene wagwira zaka zinayi m'galaja ya a Faruk ku Silverton. Si munthu wolankhulalankhula. Kasitomala akamuyamikira, amangoyang'ana pansi n'kupitiriza ntchito.

Lachisanu lina, 1 koloko itangokwana, baki ya Godfrey, pikiapu yokoka ngolo, inalowa ikufwenthera. Godfrey amanyamula katundu wa Amalawi kupita kumudzi, ndipo pakagwa zovuta amanyamulanso maliro. Tsikuli anabwera ndi mayi Lydia, amene amagwira ntchito m'nyumba ku Faerie Glen. Mchimwene wawo anali atamwalira, mapepala onse anali atatuluka, ndipo bokosi linkadikira kumochale, kumene amatseka 4 koloko. Akanachedwa akanadikira Lolemba, pamene ku Ntcheu anthu anali atasonkhana kale pasiwa.

"Achimwene, utsi ukulowa mkati mpaka mutu kuwawa," anatero Godfrey. "Tangomatani tizipita."

Yobu analowa kunsi ndi tochi. Kuseri kwa tebo, chipangizo chimene utsi umazunguza kuti injini ikoke mpweya wambiri, paipi inali itang'aluka pafupifupi kuzungulira. Mwaye unali utadetsa kapaipi ka mabuleki kodutsa pafupi. Mzere wowotchererawo anauzindikira monga munthu amazindikirira zolemba zake. Anali atauwotcherera yekha miyezi inayi m'mbuyomo.

Nthawi imeneyo kachigawo kofewa kolukidwa ndi waya, kamene amati fulekisi, kanali katabooka. Iye anakadula, naikapo paipi yolimba, naimangirira ku chasisi, chimango cha galimoto. A Faruk anali atamuuzapo kuti galimoto za tebo sizifuna zimenezo, koma dzanja lake linakhulupirira zakale. Utsi wochoka mu tebo umatentha koopsa, ndipo chitsulo chikatentha chimatalika. Injini nayo imagwedera pa mipira yake. Paipi yosowa popumira imang'aluka basi.

Kumata kukanatenga mphindi makumi awiri, ndipo mwina kukanagwira mpaka ku Harare. Koma kutsogolo kunali kutentha kwa Tete ndi zitunda za ku Zobue, kumbuyo kuli ngolo yolemera.

Anatuluka, napukuta manja nthawi yaitali.

"Sindimata."

"Eish. Mwati chiyani?" anatero Godfrey.

"Pafunika fulekisi yatsopano, ndi kachitsulo kogwiriziza paipi ku injini. Maola awiri."

"Maola awiriwo mutipatsa ndinu? Si inu munaikonza yomweyi? Ine kumauza anthu kuti ya a Yobu siithyoka."

Yobu anatembenukira kwa mayi Lydia, amene anakhala pa tayala atafumbata envelopu ya mapepala.

"Ndinalakwitsa ndine, amayi. Ndinaimanga kwambiri. Ndikamatanso chimodzimodzi ing'aluka panjira, ndipo utsi ukawotcha paipi ya mabuleki."

"Mwasankha tsiku labwino lolapa, abusa," anatero Godfrey, akumenya chitseko cha baki ndi chikhatho.

Mayi Lydia sanamuyang'ane Godfrey. "Mukutsimikiza kuti tifika 4 isanakwane?"

"Sindingatsimikize."

Mayi Lydia anatembenuza envelopuyo.

"Achimwene anga avutika mokwana kuno. Sindifuna akagone pamsewu ku Tete, anthu atazungulira bokosi. Konzani bwinobwino."

A Faruk anathamanga okha kukagula fulekisi. Yobu anadula paipi yakale, napinda ina yotakata, yokhota pang'onopang'ono kuti utsi uzichoka mu tebo mosakakamira, naisendeza kutali ndi mabuleki. Godfrey ankayenda uku ndi uku akutchula nthawi mokweza. Foni ya mayi Lydia inalira kanayi. Kumudzi ankafunsa tsiku loti adzukulu ayambe kukumba, ndipo iwo ankangoyankha kuti tili m'njira. Pamfundo yomaliza waya wowotcherera wa Yobu unakakamira pachitsulo. Anauthyola, napuma, nayambiranso.

Injini inalira kutatsala mphindi makumi atatu kuti 4 ikwane. Yobu anayendetsa chikhatho mozungulira mfundo iliyonse kuti amve ngati mpweya ukuthawa. Panalibe. Godfrey anachoka osatsanzika, ndipo pamsewu wolowera m'tauni magalimoto a Lachisanu anali atayamba kale kuthithikana.

Yobu sanamve kanthu Loweruka lonse, Lamlungu chimodzimodzi. Kutchalitchi anakhala kumbuyo, foni ili m'manja. Lolemba m'mawa, akuvala ovololo, uthenga unafika kuchokera kwa mayi Lydia: "Tinapeza akukoka geti, koma anatitsegulira. Taika achimwene dzulo masana."

Anawerenga kawiri, naika foni m'thumba. Kenaka anapita kwa a Faruk n'kuwauza kuti pali galimoto zina zitatu za tebo zimene anazimanga chimodzimodzi, ndipo akufuna manambala a eni ake.