Nkhuni Zosatola

Amama anga sadziwa kuyenda chimanjamanja. Ukawauza kuti akapume pansi pa mango, amabwelako ndi tsache kapena kamtolo ka zitsononkho. Atata atamwalila, khalidweli linangonyanya. Miyezi inayi yathunthu, anthu a kumudzi kwathu ku Mwape ankangowaona ali panjila, mtolo pamutu, khosi likuonda ngati la nkhuku yodwala chitopa. Ine ndinkamva zimenezi pa foni ndili ku Petauke, kumene ndimasoka zovala pafupi ndi msika, ndipo mtima unkandiwawa koopsa.

Ndinalumbila kuti ndiwapatsa tsiku limodzi, limodzi lokha, loti ayende opanda katundu, aone zokongola, aiwale malilo. Mnzanga wa kutchalitchi anandiuza za kanjila kena m'nkhalango yosungila nyama, kutsikila ku chigwa cha Luangwa. Akuti n'kosavuta, ka m'mbali mwa mtsinje, mthunzi wokhawokha, ngakhale nkhalamba imayenda bwinobwino. Ndinakawatenga amama kumudzi kuja, m'boma la Nyimba, amuna anga anabweleka galimoto, ndipo tinanyamuka kudzela ku Sandwe. Msewu umenewo, mayo ine! Tinafika mafupa onse atasemphana.

Pachipata anatipatsa sikauti, bambo wamtali wa mfuti paphewa, woti atitsogolele. Panalinso banja lina lochokela ku Lusaka, la zipewa zazikulu ndi kamela. Amuna anga anatsala akukonza tayala limene linaphwa panjila. Sikauti anatiuza malamulo: kuyenda mondondozana, kusachita phokoso, ndiponso kusatola kanthu, ngakhale tsamba. Amama anagwedeza mutu ngati amva. Ndikanadziwa!

Nkhalangoyo inali yokongola, sindinama. Michenja italiitali, misikidzi yobiliwila pamene kumtunda konse kunali kutauma, anyani akudumpha pamwamba pathu. Koma sitinayende ngakhale mphindi khumi, ndinamva kuti phwa! kumbuyo. Kucheuka, amama athyola nthambi youma ya tsanya, aipanila m'khwapa.

"Amai, bwezelani pansi," anatelo sikauti mwaulemu.

"Ndi ya ndani?"

"Ya boma, amai."

"Boma limaphika?"

A ku Lusaka aja anaseka. Sikauti anafotokoza kuti nkhunizo zimasiyidwa kuti chiswe chidye, nthaka inone. Amama anamuyang'ana kuchokela ku nsapato mpaka ku chipewa. "Tsanya weniweni, woyaka mpaka m'mawa, mukudyetsa chiswe? Ana inu!" Anaika pansi, koma pang'onopang'ono, ngati akugoneka khanda.

Ndinawanong'oneza kuti, "Amama, chonde, lelo n'kupuma. Yang'anani kumwamba, onani mbalame." Anayang'anadi kumwamba, koma chimene anaona ndi bwemba. Patsogolo pang'ono ndinapeza nsonga ya chitenje chawo yatupa, atamangamo bwemba wotola pansi. Ndinamasula ndekha, ndikutukwanila mumtima, n'kumwaza sikauti asanaone. Thukuta linali kamukamu, osati la dzuwa koma la manyazi. Ndinadzifunsa kuti kodi ndinalakwanji ine? Anthu ena amayi awo amajambulitsa zithunzi, anga akukolola nkhalango ya boma.

Tinafika pamalo poonekela mtsinje. Kutsidya kunali njovu zitatu zikumwa madzi, mvuu zikufwenthela pakati. Ndinasangalala, ndinati eya, izi ndiye ndinawabweletsela. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwakodole, koma linagwila mphepo. Amama palibe.

Sikauti anatsitsa mfuti paphewa, nkhope itasintha. Anati m'tchile limenelo mumabisala njati, ndipo njati siicheza ndi munthu. Tinabwelela mothamanga. Tinawapeza pokhota njila, ali phee. Anali atasenda luzi, atamanga mtolo wabwino wa tsanya, duku atalipinda kukhala nkhata, akuyesa kudzitwika okha. Mayi wa ku Lusaka uja anakweza kamela, akuseka, n'kujambula.

Pamenepo ndinaphulika. Mantha ndi manyazi zikasakanikilana, pakamwa sipakhala chitseko.

"Amama! Mwatani kodi? Mukufuna njati ikupheni chifukwa cha nkhuni? Ndavutika ine, ndatseka shopu, ndakubweletsani kuno kuti mupume ngati munthu, inu mukundichititsa manyazi pamaso pa alendo! Kodi simungayende tsiku limodzi manja ali lende? Tayani zimenezo!"

Anyani omwe anakhala chete. Amama anatula mtolo, anamasula luzi, n'kubweza nkhuni imodziimodzi pamene anaitola. Anakung'untha duku, anamanga kumutu. Kenaka anaika manja kumbuyo n'kulowa mumzele.

Kuyambila pamenepo anamvela malamulo onse. Sanatole kanthu, sanalankhule, sanatsalile. Ankayenda mutu uli pansi, mapazi akukoka. Sikauti ankatchula maina a mitengo, a ku Lusaka ankafunsa mafunso, ine ndinali ndikadafufuma ndi mkwiyo. Ndinkati mumtima, onani tsopano, akundinyanyala, tsiku lonse laonongeka. Ndinawaonetsa mphala, anangoti, "Ndaona."

Titatsala pang'ono kutuluka, tinakhala pa chigobo cha mtengo wakugwa kuti timwe madzi. Enawo anali patali pang'ono. Ndinawapatsa amama botolo ndikuyang'ana kumbali.

"Mwana wanga," anatelo motsitsa mau, "usakwiye. Wachita bwino kundibweletsa. Koma ine nkhalango imene nkhuni zimaolela pansi popanda wotola ndimaidziwa imodzi yokha."

Sindinafunse kuti iti. Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti kumanda sutola nkhuni, ngakhale mvula ikhale ikugwa ndipo m'nyumba mulibe moto.

"Chilowele muno," anapitiliza, "mitengo yomweyi, chete yemweyu, anthu kuyenda mondondozana osalankhula. Ndimati ndikagwila nkhuni, mwina mtima udziwa kuti kuno n'kwina. Chikwatiwile, ndayenda m'thengo manja ali kumbuyo kamodzi kokha. Unalipo iwe tsiku limenelo."

Ine wanzelu za m'tauni, ndinayenda ulendo wonsewo, kuphwanya galimoto ya eni, kuti ndikawayendetsenso amama anga pa malilo a amuna awo, n'kuwakalipila pamwamba. Mpaka lelo ndikakumbukila mmene ndinakuwila, ndimadziluma lilime.

Pobwelela, titatuluka m'malile a nkhalangoyo n'kuyamba kuona minda ya anthu, ndinauza amuna anga kuti aimike galimoto. Anadabwa, anati kodi tayala laphwanso? Ndinatsika, ndinavula nsapato zanga za kutchalitchi, n'kulowa patchile. Sindinaitane munthu. Ndinayamba kutola, ndipo posakhalitsa ndinamva phwa! pambali panga.

"Iyo ayi," anatelo amama, akundilanda nthambi m'manja. "Imeneyo imafuka utsi. Unakulila kuti iwe?"

Anamanga mitolo iwili. Galimoto inali pomwepo, mapazi makumi awili okha, koma anavula duku, analing'amba pakati, n'kundipindila nkhata yanga.