Buku Limene Ndinalibweza Ngati Belo

Tsiku limenelo pakhomo panga tinalipo anthu asanu. Panali ine. Panali mwana wanga wamwamuna, yemwe amaphunzitsa pa pulayimale ya kuno kwathu. Panali mkazi wake, mpongozi wanga, atakhala chapatali pamphasa. Panali wakabaza wa ku Boma, bambo wa imvi amene anangogona pansi pa mtengo wa mango n'kumadikira. Ndiye panali mayi wolemba buku uja, mphunzitsi wopuma wa cha ku Nkhamenya, nsapato zili mbuu ndi fumbi, buku lake lili m'jumbo pamiyendo.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3. Kulemba ndimalemba, monga mukuoneramu, koma tsamba limodzi limandithera tsiku. Ntchito yanga inali fodya, ndipo pa kusankha masamba panalibe wondiposa kuchokera kuno mpaka ku Kapelula. Kafunseni. Msana utakana, ndinangotsala pakhonde, kumakalipira nkhuku.

Mwana wangayo anali atapanga kanthu ka pafoni, iye amati apu, kouza anthu mabuku a Chichewa oyenera kuwerenga. Anthu sankakatsegula. Lamulungu lina anandiwerengera buku, ine n'kunena maganizo anga monga ndimanenera, moti ndi a kutsidya kwa dambo omwe anamva. Iye anajambula mawuwo n'kuwaika pa apu paja. Basi, anthu anayamba kubwera. Kuyambira pamenepo ntchito inakhala yotere: iye amawerenga buku lonse, ine ndimamvetsera, kenako ndimaligireda ngati fodya. Giredi yoyamba, giredi yachiwiri, kapena libwerere, monga belo lokanidwa ku okushoni. Ndinapezanso chodzukira m'mawa.

Koma olemba mabuku amatopetsa, abale. Ukampatsa giredi yachiwiri, uthenga wake umatalika kuposa bukulo. Wina ankafunsa chifukwa chimene tinaika mnzake pamwamba pake pamene anaphunzira limodzi. Wina ankapereka moni m'mawa uliwonse, kutikumbutsa kuti akadali moyo. Mwana wanga ankandiwerengera zonsezo, ine n'kumayankha, iye n'kumachotsamo mawu okalipa asanatumize. Lamulo lake linali limodzi lokha: sitinena kanthu za buku lomwe sitinalimalize.

Ndiye inafika sabata ya feteleza wotsika mtengo. Chaka chimenecho makuponi a mapepala anali atatha, anthu ankagulira chitupa, ndipo netiweki inkangodukaduka. Mwana wanga ankachoka m'mamawa kukaima pamzere m'malo mwanga, n'kumabwera manja ali lende, masiku anayi. Buku la mayi uja linali patebulo, Lachisanu likuyandikira, tsiku lomwe anthu ankayembekeza mawu anga.

Mlimi aliyense amadziwa kuti wachinyengo amaika masamba abwino pamwamba ndi pansi pa belo, zinyalala n'kubisa pakati. N'chifukwa chake wogula amapisa dzanja pakati penipeni n'kusolola kamtolo kamodzi, ndipo kamtolo kameneko ndiko kamaweruza belo lonse. Ndinati buku silingasiyane. Ndinauza mpongozi wanga kuti atsegule pakati awerenge masamba atatu. Anayesa kunena kuti tidikire bambo a ana, koma mpongozi sakangana ndi apongozi ake. Anawerenga atayang'ana kumbali.

Pamasamba atatuwo panali mlimi wina ali pamowa, akudzitama kuti kuponi yake wagulitsa kwa mavenda ndipo ndalama yonse wamwera. Ndinalamula mpongozi kuti ajambule mawu anga, ndipo ndinafuula kuti bukuli ndi la munthu wa choko amene sanagwirepo khasu, likunyoza alimi, libwerere. Mpongozi anatumiza. Mwana wanga atabwera ndinamuuza kuti talimaliza lonse. Mpongozi anangoloŵa m'nyumba.

Patapita masiku awiri uthenga unafika. Sunali wautali ngati wa enawo. Mayiyo anangofunsa kuti achikulirewo anamva mpaka tsamba liti, chifukwa sukulu ina yomwe inkafuna bukulo yasintha maganizo itamva mawu anga. Ndinayankha kuti fodya ndagireda zaka makumi anayi, sindifunsidwa mafunso ndi mwini belo. Mwana wanga sanatumize yankholo. Anandiyang'ana, kenako anafunsa kuti nkhaniyo inatha bwanji. Ndinati inatha monga zimathera nkhani za zidakwa. Anapita kukafunsa mkazi wake, ndipo atabwerako ananena motsitsa mawu kuti ngati ndi choncho, apu ipitirira popanda ine. Masiku atatu sitinalankhulane za mabuku. Ndinabwerera ku nkhuku zanga.

Loweruka ndi pamene mayiyo anatulukira pa kabaza. Ndinali nditakonzeka kukangana, mawu ndinali nawo okwanira. Koma iye atamwa madzi anangomasula jumbo ija.

“Bambo, sindinabwerere giredi,” anatero. “Ndabwera kuti ndikuwerengereni ndekha. Mukamva lonse, mukalibweze kachiwiri ngati mufuna.”

Ndinati nthawi ndilibe. Wakabaza anadzutsa mutu pansi pa mango paja n'kunena kuti, “Inu achikulire, nthawi mulibe mukupita kuti? Amene alibe nthawi ndine.” Mwana wanga sanaseke.

Anawerenga kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka mthunzi wa chigafa cha fodya unafika pakhonde. Mawu ake anali aang'ono, otopa, ankaima kawirikawiri kuti ameze mate. Mlimi wa m'bukumo sanamwere kuponi ija ayi. Anaigulitsa kuti apeze galimoto yotengera mkazi wake kuchipatala, ndipo pamowa ananama dala, chifukwa kwa iye kutchedwa chidakwa kunali kopepuka kusiyana ndi kudziwika kuti analibe ngakhale mbuzi yogulitsa. Chaka chimenecho chimanga chake chinachita chikasu, anthu akumuseka, iye osatsutsa.

Ine chaka chomwe mayi a ana anga anadwala matenda awo omaliza, kuponi yanga ndinauza anthu kuti inagwa m'thumba pa njinga. Mwana wanga anali pamenepo pakhonde, ndipo sindikudziwa ngati ankadziwa. Sindinamuyang'ane.

Atatseka buku, mayiyo anafunsa ngati libwererebe. Ndinati ayi. Ndinafuna kuwonjezera kuti pakati pajapo pakanalembedwa mwanjira ina, koma ndinaona kuti ndikungofuna potulukira. Mpongozi anabweretsa foni, ndipo ndinajambula mawu. Ndinanena kuti ndinaweruza buku nditamva masamba atatu okha, kuti ndinalakwa, kuti ndi giredi yoyamba. Ndinanena mofulumira, chapansipansi, maso ali pa zala za kumapazi. Mayiyo anathokoza, anakana kudikira chakudya poopa kusowa minibasi ku Boma, n'kukwera kabaza wake. Ngati sukulu ija inabwereranso kwa iye, sindinamve.

Ndinatsala pampando, msana ukuwawa ngati ndapalira ekala yonse. Sindinafunse ngati ntchito yanga ikadalipo, ndinkaopa yankho. Mwana wanga anamvetsera mawu ndinajambulawo kawiri, foni ataigunditsa kukhutu. Kenako anaiika m'thumba, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wanga.

“Ababa, izi sinditumiza, sizikumveka,” anatero. “Pokana bukuli anakumvani mpaka kutsidya kwa dambo. Mawa tikachoka ku tchalitchi mujambulenso ndi mawu omwe aja. Mukatero pali mabuku awiri akudikira, ndipo lililonse muzindiuza kaye mmene lathera.”