Ba Amock ndi Makina Amene Ankakhala mu 1980

Ba Amock Chisenga anabadwira ku Luapula, anakulira ku Kabwata. Tinagwira ntchito limodzi pa kampani ina ya boma, kuseri kwa Cairo Road. Ine ndinkasunga mafayilo. Iye ankatayipa, ndipo makompyuta awiri atafika mu 1986 anapatsa iye udindo wowasamalira, chifukwa tonsefe tinkaopa kuwakhudza.

Anali ndi ana asanu ndi nyumba ya kampani ku Kabwata komweko. Chimene ankaopa ndi kusamutsidwa, poti wosamutsidwa ankasiya nyumba.

Kompyuta ina inali mu ofesi ya bwana, a Chilufya. Ina, yoyeserera, inali kwa Ba Amock. Iye analemba pulogalamu yosindikiza makalata osamutsa antchito kupita kumadepoti athu. Pulogalamuyo inkayenera kudziwa yokha makina amene ilimo. Ikakhala m'oyeserera, inkalemba ZONGOYESA pamwamba pa kalata iliyonse.

Makina a bwana ankasunga tsiku. Oyeserera analibe batire la wotchi. Ukawayatsa ankati lero ndi 1 Januwale 1980, n'kufunsa tsiku lenileni. Ba Amock sankayankha, ankangodina batani n'kupitirira. Tsono anauza pulogalamu kuti ikaona 1980 idziwe kuti ili kwa iye.

"Nanga wina akalembamo tsiku?" ndinamufunsa.

"Ba Mathias, muno ndani amayankha funso asanauzidwe yankho?"

Poyesa ankaikamo mayina athu enieni. Womulakwira ankamutumiza kutali. Ine anandisamutsira ku Mporokoso kanayi chifukwa chomumana nyuzipepala. Tinkaseka, mapepalawo n'kukulungiramo zitumbuwa.

Mu 1988 kunabwera mlembi watsopano, Helen wa ku Chelstone, wongotuluka kumene kukoleji. Lachiwiri lina a chipani anatikweza lole kuti tikaime m'mbali mwa msewu wa ku eyapoti, kuombera m'manja mlendo wa boma. Pochoka, Ba Amock anauza Helen, amene ankatsala mu ofesi, kuti ayatse makina oyeserera aja, asindikize makalata oyesera. Makina anafunsa tsiku. Helen anayang'ana pakalendala n'kulembamo.

Makalata makumi awiri anatuluka opanda chizindikiro. Helen anawapereka kwa bwana. Bwana anasaina monga mwa masiku onse, akungotukula kangodya ka pepala. Mesenjala anagawa.

M'mawa mwake dalaivala wathu anafika atapha kale nkhuku zake zonse, poti ku Mongu sakanapita nazo. Bwana nayenso anapeza kalata patebulo pake. Inkamutumiza ku Kaputa, ndipo wosaina anali iye mwini.

Anaitana Ba Amock. Ine ndinali momwemo ndi mafayilo, ndipo sindinafulumire kutuluka.

"Ba Chisenga, mwanditumiza ku Kaputa?"

"Ni makina, bwana. Sanadziwe kumene ali."

"Nanga ku Kaputa anakudziwa bwanji?"

Ba Amock anayang'ana nsapato zake.

"Inuyo akutumizani kuti?"

"Ine sinimadziikamo, bwana."

"Ndiye simunamalize kuyesa. Pitani mukadziikemo. Malo mukuwadziwa, ndawasiya ine."

Makalata ena onse anawang'amba. Ba Amock anatayipa yake ndi zala zake, bwana anasaina, ndipo Loweruka Ba Amock anakwera basi ya ku Kaputa. Mkazi ndi ana anakakhala kwa mlamu wake ku Libala. Helen palibe anamunena kanthu. Anachita zimene anamuphunzitsa kukoleji.

Ku Kaputa Ba Amock anakhala miyezi isanu ndi iwiri, akuwerenga matumba m'depoti yopanda magetsi. Kenaka batire la m'makina a bwana linatha, nawonso n'kuyamba kunena kuti tili mu 1980. Kalata iliyonse inayamba kutuluka ndi ZONGOYESA, ndipo osamutsidwa ankaiwerenga n'kukhala pansi. Panalibe wodziwa kukonza. Anamuitana ndi telegalamu.

Anafika atawonda, atanyamula tinsomba ta kapenta m'katoni. Anasintha batire asanavule n'jekete lomwe. M'nyumba ya ku Kabwata anapeza mutalowa wina, ndipo sanaibwererenso. Anakakhala ya lendi ku Makeni mpaka anapuma ntchito.