Kompuresa Yoyesedwa ndi Madzi

Chaka chimene fakitale yopanga mafiriji inatsekedwa, atate anabwera kunyumba ndi kalata yowathokoza ndiponso mfuti yawo yopopera penti, imene anadzigulira okha kalekale, atayikulunga mu ovolosi. Anagwira ntchito kumeneko kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinali mu giredi teni, ndipo m'buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku ndinangolemba mzere umodzi: "Lero atate sanayatse wailesi."

Nthawi imeneyo mu komboni yathu ya Chawama azibambo ambiri ankapezeka pakhomo masana. Ena anayamba kugulitsa makala, ena ankangotandala pa nsolo. Atate anati iwo atsegula kamalo kopopera penti kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda, kuti azipenta mageti, mafelemu a mawindo ndi mafiriji akale. Chosowa chinali kompuresa, makina opopa mpweya umene umakankha penti kuti ituluke mu mfuti. Ndalama imene anawapatsa powachotsa ntchito inali yogulira kamodzi kokha. Akanalakwitsa kusankha, mfutiyo ikanachita dzimbiri mu ovolosi momwemo.

Atate anali katswiri wa penti, koma anali asanasankhepo kompuresa. Ku fakitale mpweya unkatuluka m'paipi ya pakhoma ngati madzi a pampopi, osatha. Ankangolumikiza mfuti n'kuyamba ntchito. Choncho mtima wawo unagwera chimakina chofiira chimene anachiona pa kampani ina yotsekedwa kufupi ndi msewu wa ku Kafue. Tanki yake, ankatero, inali yaitali kuposa bedi lathu. Ankachitchula pa chakudya chilichonse.

Pamphambano ya msewu wathu panali bambo wina wachikulire womata matayala, Myao amene makolo ake anachokera ku Malawi. Tonse tinkangowaitana kuti ba mudala. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza atate ataima pamenepo, manja atatambasula, akuonetsa kutalika kwa tanki ija.

Ba mudala sanakweze n'komwe mutu pa chubu chimene ankapala. "Baneba, nanga mfuti yanu mwaifunsa?"

"Niifunse chani? Nasebenza nayo zaka zambiri."

"Muifunse mwamene imadyela. Bwelani nayo pa Chisanu, ine nikayenda ku mzikiti. Kompuresa yanga izankala chabe. Muikemo manzi, osati penti, mupope pa chipupa mpaka ileme."

Lachisanu ndinaweruka msanga, ndiye atate anandiuza kuti ndibwere ndidzawayang'anire singano ya geji, imene imaonetsa mphamvu ya mpweya mu tanki, chifukwa maso awo akakhala pa khoma. Anandipatsanso wotchi yawo. Makina a ba mudala anali aang'ono, a mawilo awiri, otheka kukoka ndi dzanja limodzi. Atate anathira madzi mu kapu ya mfuti n'kuyamba. Poyamba madzi ankatuluka osalala ngati nkhungu, ndipo dzanja la atate linkayenda pang'onopang'ono uku ndi uku. Ndinali ndisanawaonepo akugwira ntchito yawo. Mphindi imodzi isanakwane, singano inagwa. Mota inalira, koma singano inapitirizabe kutsika, ndipo mfuti inayamba kulavula madontho akuluakulu.

"Ikanakhala penti," anatero atate, "geti yonse ikanaoneka monga khungu la lalanje."

Ba mudala anabwerako ndi mkanjo wawo woyera, akusamala kuti usakhudze matayala. "Yalema?"

"Yalema, ba mudala. Ndiye chamene nifunila chija chikulu."

Ba mudala anaseka mpaka kugwira chipewa. "Tayala imamwa kamozi, yakuta. Mfuti yanu ni chakolwa, siileka kumwa. Manje imwe muganiza vya tanki. Tanki ni dramu chabe, baneba. Ikani dramu ikulu pa pompi yodonta: mukatapa yasila, muzalindila mpaka mailo m'mawa. Yanganani pampu na mota, ngati vibweza mpepo mwamene mfuti ichosela." Kenaka anafunsa, "Na chija chofiira, mwaona ntambo yake? Vija vifuna malaiti ya ku mafakitale. Pa nyumba panu paja mukayasha stovu, babu imachita bwanji?"

Ine ndinkadziwa yankho. Amayi akayatsa kasitovu, babu lathu linkafiira ngati khala la moto.

Pobwerera atate ankayenda mofulumira patsogolo panga. Ndinaona kuti zawapweteka kuphunzitsidwa za mpweya ndi munthu womata matayala, mwana wawo ali pomwepo. Koma m'mawa mwake anavala jekete n'kupita kukaonanso chimakina chija. Atabwerako, ataona kuti magetsi a m'nyumba sangachiyendetse, anauza amayi kuti, "Mudala uja wanipulumusa. Sembe nagula chimbale chosungilamo nkuku."

Kuyambira pamenepo atate sankachoka pakhomo opanda chikwama chokhala ndi mfuti, paipi ndi botolo la madzi. Kulikonse kumene anamva kuti kuli kompuresa yogulitsa, ankapempha kaye kuti ayese. Ogulitsa ena ankakana. Wina ku tauni akuti anawafunsa ngati abwera kudzagula kapena kudzasamba. Wina anadzaziratu tanki n'kufuna kuzimitsa msanga singano isanagwe. Atate ankabwerako nsapato zili fumbi lokhalokha, ndipo ine ndinkalemba m'buku langa mmene iliyonse yalepherera. Sabata yachiwiri ndinayamba kuopa kuti makina oyenera mfuti yawo ndi nyumba yathu kulibe.

Loweruka lina ananditenga kupita ku Matero, kwa makanika wina amene ankagulitsa zida zake kuti abwerere kumudzi. Nditaiona kompuresayo ndinakhumudwa. Penti yake inali itasupuka, tanki inali yapakatikati, yondifika m'mawondo. Pamwamba panali pampu ya mitu iwiri yoyendetsedwa ndi lamba, ndipo nthambo yake inali ndi pulagi wamba ngati wa ayironi.

Atate anathira madzi, ine ndinagwada pa geji. Singano inatsika pang'ono, mota inadzuka, ndipo ndinadikira kuti igwe ngati ija ya pa matayala. Inaima. Kenaka, atate akupoperabe, inayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka mota inazima yokha.

"Ili pati?" anafunsa osatembenuka.

"Yakwela, atate."

"Yangana bwino."

"Yakwela!"

Sanaleke. Anapopera khoma lonse la makanika uja, anadzazanso kapu kawiri, mpaka mwiniwake anati, "Bosi, nyumba ni ya lendi iyi, muzaigwesa." Atate anaseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. "Iyi ipema pamozi na ine," anatero, kunena kuti ikupuma mpweya limodzi nawo.

Kompuresayo inafika kwathu pa kagalimoto ka hayala, anthu a mu mzere wathu ataima m'mipanda. Atate asanayatse, anatuma uthenga kwa ba mudala kuti abwere. Amayi anazimitsa sitovu. Pulagi italowa, babu linaphethira kamodzi n'kukhalanso bwino. Ba mudala anaika khutu pafupi ndi pampu, anagwedeza mutu, n'kuonetsa atate kampopi ka pansi pa tanki. "Mukakomboka pa nchito muzichosa manzi apa, ingaole mukati." Tiyi anakana, ati matayala akuwadikira.

Mpaka lero lamulo la pakhomo pathu ndi lomwelo: kompuresa ikalira, amayi amaphika pa mbaula. Amadandaula za utsi, koma makala amagula okha asanauzidwe.

Ntchito yoyamba inali geti ya mpingo wina wa pafupi, yabuluu. Atate anaimaliza mbali yonse osaima kudikira mpweya, ndipo itauma ndinayendetsapo chala, inali see ngati chitseko cha firiji yatsopano. Owotcherera zitsulo awiri anabwera kudzaiona, ndipo sabata yotsatira anabweretsa mafelemu awo. Penti yabuluu imene inatsala atate anakapentera kakompuresa ka ba mudala, Lachisanu, eni ake ali ku mzikiti.

Tsiku la geti lija ndinalemba masamba atatu. Pomaliza ndinaika kuti wailesi inali yoyatsa kuyambira m'mawa, pawindo la kuseri, ngakhale panalibe amene ankaimva chifukwa cha phokoso la mota.